Kulemetsa stock ya mfuti ya mpikisano kuti isamakankhe ndi kudumpha kwambiri

Mfuti ya .308 Winchester yolemera makilogalamu 4.5, ikaponya chipolopolo cha magalamu 11.3, chija pabokosi amalemba 175 grain, pa liwiro la mamita 800 pa sekondi, imabwerera paphewa ndi mphamvu ya majoule pafupifupi 19. Mfuti yomweyo ikalemera makilogalamu 6 imabwera ndi majoule 14, ndipo pa makilogalamu 8 atsika kufika pa 11. Wonga ndi womwewo, chipolopolo ndi chomwecho, koma chokankhidwacho chalemera, ndiye chikusuntha mwaulesi. Onaninso kuti kilo ndi theka yoyamba yachotsa majoule asanu, pamene makilo awiri otsatira achotsa atatu okha. Phindu limanka lichepa, ndipo pofika pena mumangosenza katundu.

Wowombera mpikisano salemetsa stock, thupi la mfuti limene amagwira ndi kutsamiza paphewa, chifukwa choopa kuwawa kwa phewa. Chimene akufuna n'chakuti diso lisachoke pa chandamale. Chipolopolo chija chimatenga pafupifupi sekondi imodzi kuti chifike pa mamita 600. Mfuti ikabwerera mowongoka n'kukhazikika msanga, mumadzionera nokha fumbi pamene chagwera, n'kukonza kuwombera kotsatira mphepo isanatembenuke. Ikadumpha, mu scope, galasi lolunjikira, mumangoona thambo kapena udzu. Palinso china: mfuti imayamba kubwerera chipolopolo chikadali mumpope. Pa mpope wa masentimita 60, ya makilogalamu 4.5 imakhala itasuntha kale mamilimita pafupifupi 1.7 chipolopolo chikamatuluka, pamene ya makilogalamu 8 yasuntha milimita imodzi. Mukagwira mosiyana pang'ono lero ndi mawa, mfuti yolemerayo imakubisirani cholakwacho kuposa yopepukayo.

Yambani ndi malamulo a mpikisano wanu

Musanagule mtovu ngakhale galamu imodzi, dziwani malire. Mu F-Class, imene imawomberedwa chogona pa mitunda italiitali ku Bisley ku Britain ndi ku Bloemfontein ku South Africa, kumene kunachitikira mpikisano wa dziko lonse mu 2023, gulu la F-TR limalola makilogalamu 8.25 kuphatikiza scope ndi bipod (miyendo iwiri yoimikira mfuti kutsogolo), ndipo F-Open imalola makilogalamu 10. Muzzle brake, kachida ka kunsonga kwa mpope kochepetsa kukankha, ndi yoletsedwa mu F-Class, choncho kulemera ndiko chida chachikulu chimene muli nacho. Mu benchrest, mpikisano wowombera mfuti itakhala pabenchi, Light Varmint ndi mapaundi 10.5 ndipo Heavy Varmint ndi 13.5. NRL Hunter ya ku America ili ndi malire a mapaundi 12 ndi 16. Malamulo a ISSF, bungwe la dziko lonse la masewera owombera, amaika makilogalamu 5.5 pa mfuti ya mpweya ya mamita 10 ndi 8 pa mfuti ya mamita 50, ngakhale kumeneko nkhani ndi kuchepetsa kugwedezeka kwa manja, osati kukankha. Gulu la Open mu Precision Rifle Series (PRS) lilibe malire, n'chifukwa chake mfuti zopyola makilogalamu 9 si zachilendo kumeneko. Malamulo amasintha, choncho werengani buku la chaka chimene mukupikisana.

Siyani mpata wa magalamu 50 mpaka 100 pansi pa malire. Sikelo ya kwanu ndi ya okonza mpikisano sizigwirizana nthawi zonse, ndipo imene imaweruza ndi yawo.

Pamene kulemera kwakhala

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amamva kuti mfuti ikukankha paphewa, ndiye amathira mtovu wonse m'thendere, mbali ija yotsamira paphewa. Kukankha kumachepadi, koma kutsogolo kwapepuka, mpope ukudumpha kuposa kale, ndipo chandamale chikusowabe mu scope.

Choyamba pezani pamene mfuti ikuima balansi panopa. Chotsani zipolopolo zonse, tsegulani bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo m'chipinda chake), yang'anani m'chipinda cha chipolopolo ndi diso ndi chala. Mangirirani zonse zimene mumawombera nazo: scope, bipod ngati imakhalapo, ndi magazini yodzaza zipolopolo zophunzirira zopanda wonga. Goneketsani paipi yopyapyala kapena mpini wa tsache patebulo, ikani mfuti pamwamba mopingasa, muziyisuntha mpaka itaima yokha. Matani katepi pamalopo.

Pamene balansi iyenera kukhala pamadalira kawomberedwe. Ngati mumawombera mfuti itakhala pa kathumba ka mchenga pamwamba pa mpanda, mwala kapena mgolo, monga zimakhalira mu PRS, iyenera kuima yokha pakathumbapo mutachotsa manja, ndipo kwa ambiri pamenepa ndi masentimita 8 mpaka 12 kutsogolo kwa magazini. Ikalemera kumbuyo, phewa ndi dzanja zimagwira ntchito yonyamula, ndipo kugunda kwa mtima kwanu kumaonekera mu scope. Ngati mumawombera chogona, bipod kutsogolo kathumba kumbuyo, vuto limakhala lina: mpope wa mainchesi 30 wonenepa umakokera zonse kutsogolo, thendere limapepuka n'kumanjanja pakathumba, ndipo zipolopolo zimabalalika chokwera ndi chotsika. Pamenepo mtovu upite kumbuyo. Wowombera choimirira amafuna balansi pamwamba pa dzanja lonyamula kapena patsogolo pake pang'ono.

Kuchuluka kwa cholemetsa kumawerengeka. Chulukitsani kulemera kwa mfuti ndi mtunda umene mukufuna balansi isunthe, kenako gawani ndi mtunda wochokera pa balansi yatsopanoyo kufika pamene muike cholemetsa. Mfuti ya makilogalamu 7 imene mukufuna balansi yake ipite patsogolo masentimita 3, cholemetsa chikakhala masentimita 30 kutsogolo kwa malo atsopanowo, ifuna magalamu 700. Mukachiika pa masentimita 15 okha mufunika magalamu 1,400. Kwa amene ali pafupi ndi malire, ndiye kuti cholemetsa chipite kunsonga kwenikweni. Kwa amene akufuna kulemetsa mfuti osasuntha balansi, chikhale pa balansi pomwepo, kapena chigawidwe kutsogolo ndi kumbuyo mwa kawerengedwe komweka.

Kutalika kwake kuchokera pansi nakonso kuli ndi kanthu. Mphamvu yokankha imayenda motsata mzere wa mpope, pamene pakati pa kulemera kwa mfuti pamakhala pansi pa mzerewo. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndi umene umatembenuza mfuti n'kukweza mlomo wa mpope. Mukapachika chitsulo cholemera pansi kwambiri, mpatawo mwaukulitsa. N'zoona kuti cholemetsa chapansi chimathandiza mfuti kusapendekeka pakathumba, koma ngati vuto lanu ndi kudumpha, ikani zolemetsa m'mbali mwa mpope, pafupi ndi mzere wake, ziwiriziwiri, kumanzere ndi kumanja zofanana. Zam'mbalizi zimalimbananso ndi kupotoka kumene mfuti imachita chipolopolo chikayamba kuzungulira mumpope, kumene kumamveka kwambiri ndi zipolopolo zolemera.

Yesani ndi tepi musanaboole

Zolemetsa zomata zimene amabalansira mateyala a galimoto zimabwera m'tizidutswa ta magalamu 5 ndi 10, ndipo kwa okonza mateyala zimapezeka. Mangani izi, kapena tizitsulo tilitonse toyezedwa pa sikelo ya kukhitchini, kunja kwa stock ndi tepi yolimba, osakhudza mpope. Pitani nazo kukawombera. Wonjezerani magalamu 200 nthawi iliyonse, muziona pamene mtanda wa mu scope ukuthera mfuti ikalira. Yesaninso kuinyamula n'kusamuka nayo malo asanu m'masekondi 90. Mfuti imene imakoma pabenchi itha kukulemetsani mikono pofika masana, ndipo nthawi imene mwapulumutsa poona chipolopolo mumaitaya poikoka. Epoxy, guluu wolimba wosakaniza, akauma sabweza, tepi imamatuka.

Cholemetsa cha mtundu wanji

Malo a mu stock ndi ochepa, choncho funso ndi magalamu angati pa kiyubiki sentimita imodzi. Chitsulo chimapereka 7.85, brass pafupifupi 8.5, mtovu 11.3, ndipo tungsten yogulitsidwa ngati ndodo imakhala pakati pa 17 ndi 19. Timipira ta mtovu ta mu zipolopolo za shotgun, tikathiridwa m'bowo, timapereka pafupifupi 6.8 okha chifukwa cha mipata ya pakati pake. Bowo la mamilimita 19 m'mimba mwake, lozama mamilimita 150, limalowa magalamu pafupifupi 300 a timipira ndi epoxy, 330 a ndodo ya chitsulo, 480 a ndodo ya mtovu, kapena opitirira 700 a tungsten. Ndodo ya chitsulo wamba, yotsika mtengo komanso yopanda poizoni, ikuposa timipira m'bowo lozungulira. Timipira timapambana pamene mphako ndi yokhotakhota. Sankhani ting'onoting'ono, nambala 8 kapena 9, ta mamilimita 2 kapena kupitirira pang'ono, chifukwa timalowa m'makona.

Timachubu ta mercury togulitsidwa ngati zochepetsa kukankha timagwira ntchito, koma m'kuona kwathu gawo lalikulu la ntchitoyo ndi kulemera kwake chabe, ndipo ena sakonda kumva madzi akusuntha mfuti ikapendekeka.

Mtovu ndi poizoni. Valani magolovesi, musadye kapena kusuta pogwira ntchito, sambani m'manja ndi sopo, ndipo zinyenyeswa zake muzitole ndi nsanza yonyowa, ana asafikepo. Ngati mukuumba ndodo, sungunulirani panja. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, ndipo kadontho ka madzi m'chikombole kamauphulitsira kumaso. Musauthire wotentha mu stock: mtengo upsa, pulasitiki isungunuka. Mtovu wa m'mabatire akale usiyeni.

Mfuti ya chassis

Chassis ndi stock ya aluminium yomangika ndi masikuluwu, ndipo iyi ndiye yosavuta. Makampani monga MDT ndi MasterPiece Arms amagulitsa zolemetsa zolowa mkati mwa mbali yakutsogolo, zomangirira kunja pa mipata yomangirapo zida yotchedwa M-LOK, ndi za kuthendere. Zamkati zimafuna kuti muchotse kaye mpope ndi action, chitsulo chimene mpope umamangikako ndiponso mmene bolt imayenda. Zakunja zili ndi misampha iwiri. Woyamba, kanati ka M-LOK kayenera kutembenuka n'kupingasa mpata. Kakapanda kutero sikuluwu imamveka yolimba koma cholemetsa chagwira ndi milomo yokha, ndipo chidzagwa. Unikani ndi tochi mkati muone. Wachiwiri, sikuluwu yaitali imatulukira mkati n'kukhudza mpope, kapena kutsala pang'ono kuti izigunda mpope ukanjenjemera. Ifupikitseni ndi fayilo. Magpul, kampani imene inayambitsa M-LOK, imati chitsulo pa chitsulo mumange ndi mphamvu ya mainchi-paundi 35, omwe ndi pafupifupi 4 Nm, ndipo pamene pali pulasitiki 15 okha. Donthezani guluu wa masikuluwu, Loctite wabuluu, 243, osati wofiira. Lembani kamzere ka penti kodutsa pamutu pa sikuluwu mpaka pacholemetsa, kuti ikayamba kumasuka muone ndi maso. Onaninso kuti chomangira bipod chikuyendabe pa njanji ya ARCA osagunda.

Stock ya mtengo, laminate kapena fibreglass

Chotsani mpope ndi action, kenako labala ya paphewa. Onani pamene masikuluwu a labalayo amalowa, pamene pali chokolekera lamba, ndi zitsulo za potsamira tsaya ngati zilipo. Ngati stock ndi ya zidutswa ziwiri, muli bowo la bawuti yaitali yomangira thendere. Limenelo musalitseke, apo ayi simudzamasulanso.

Lembani pakati pa bowo, ndipo siyani khoma la mamilimita osachepera 6 mbali zonse, pokumbukira kuti thendere limanka liwonda chakutsogolo. Mangani stock choimika pa drill press ndi nsanza pakati, bowo lilunjike motsata mzere wa mpope. Ndi dirilo ya m'manja n'zotheka, koma mukhale ndi wina woyang'ana cham'mbali. Gwiritsani ntchito Forstner bit, imene imasiya pansi pafulati, pa liwiro lotsika, mukutulutsa utuchi masentimita awiri alionse. Lekezani masentimita 4 kapena 5 musanafike pogwirira dzanja. Pamenepo ndi pakhosi pa stock, pamene mtengo umathyokera. Mu fibreglass mkati mumakhala zofewa, dirilo imathamanga mosayembekezeka, choncho ikani tepi pa bit yosonyeza polekezera.

Tsopano chinthu chimene chimawononga ma stock ambiri. Mfuti ikalira, stock imathawira kumbuyo koma cholemetsa chosamangika chimatsalira, ndiye chimagunda pansi pa bowo chakutsogolo. Mfuti ikaima paphewa, icho chimapitirira n'kukagunda labala. Kamodzi si kanthu, koma pa zipolopolo mazana chimagwira ntchito ngati hamala, mpaka mtengo kung'aluka kapena masikuluwu a labala kuzuka. Komanso pa kamphindi kamene chipolopolo chili mumpope, cholemetsa chotayirira sichikulemetsa mfuti n'komwe, chifukwa sichikuyenda nayo. Chigwire mbali zonse ziwiri.

Ngati mukufuna chochotseka, dulani ndodo yafulati kunsonga, ikulungeni tepi mpaka izilowa ndi kukankha kwa chala chachikulu, ikani kachidutswa ka labala yolimba pansi pa bowo, ndipo kumbuyo mutseke ndi kamtengo kotuluka milimita imodzi kuti labala ya paphewa ikamangidwa ifinye zonse. Boolani kabowo ka ulusi kumbuyo kwa ndodo, kuti tsiku lotulutsa mudzangolowetsa bawuti n'kukoka.

Ngati ndi chokhazikika, gwiritsani ntchito epoxy wouma pang'onopang'ono, monga Acraglas, Devcon 10110, kapena aliyense wolembedwa kuti amauma pa maola angapo. Wa mphindi zisanu amagwira timipira tisanakhazikike, n'kusiya mphako. Magalamu 300 a timipira amafuna epoxy magalamu 20 mpaka 25, wongokwanira kunyowetsa kampira kalikonse. Phimbani kunja konse kwa stock ndi tepi, tsekani mabowo a masikuluwu ndi sera, sakanizani epoxy payekha kaye, kenako thiranimo timipira. Thirani pang'onopang'ono masentimita atatu, sindikizani ndi kamtengo, gogodani stock m'mbali kuti mpweya utuluke, kenako onjezerani. Epoxy wambiri pamalo amodzi amatentha akamauma, choncho mphako ikakhala yaikulu thirani kawiri kapena katatu, mukudikira kuti woyamba azizire. Siyani mamilimita 3 pamwamba kuti labala idzakhale bwino. Stock iime thendere m'mwamba maola 24.

Stock ya pulasitiki

Epoxy sagwira bwino pa pulasitiki ya ma stock otsika mtengo. Amaoneka ngati wagwira, koma pakapita nthawi chibuma chonse chimamatuka n'kumagogoda mkati. Chotsani thovu la mkati, tsukani ndi sopo wa mbale, pukutani ndi spirit, kandani ndi sandipepa wa 60 kapena 80 mpaka kuwala konse kutatha. Kenako boolani timabowo ta mamilimita 3 m'nthiti za mkati, mopendekeka mbali zosiyanasiyana, kapena mangani timasikuluwu tating'ono mitu yake itatsalira mumphako. Epoxy akalowa m'menemo n'kuuma, chibumacho chakoledwa ngakhale guluu atalephera. Thendere la pulasitiki ndi mphako yaikulu yotha kumeza makilo awiri, choncho yezani timipira pa sikelo musanasakanize, ndipo malo otsala mudzaze ndi thovu lolimba. Pa mfuti za mtundu wa AR-15, chubu cha buffer, mmene muli sipuling'i ya kuthendere, ndi kabowo kake kotulutsa mpweya zisatsekedwe.

Mbali yakutsogolo, pansi pa mpope

Mpope suyenera kukhudza kanthu kuchokera pa action mpaka kunsonga. Timabokosi ta pansi pa mpope mu stock ya pulasitiki timadzazika ndi timipira ndi epoxy, koma lekezani mamilimita osachepera 2 pansi pa mpope. Njira yotsimikiza ndi kukulunga mpope ndi tepi yochindikala mamilimita awiri, kupaka polishi ya nsapato yopanda mtundu pa tepiyo ndi pa chitsulo chilichonse chapafupi, n'kubwezera action pamalo pake epoxy akadali wofewa. Mukaiwala polishi, mfuti ndi stock zakwatirana. Musalole epoxy kufika pa recoil lug, kachitsulo kopatsira stock mphamvu yokankha, kapena pamabowo a masikuluwu a action. Ngati mbali yakutsogoloyi ndi yofewa, kwirirani ndodo ziwiri za chitsulo za mamilimita 6 mu epoxy, kuyambira pafupi ndi lug mpaka kunsonga, mutadula timipata m'nthiti kuti zigone. Zimalemetsa ndi kulimbitsa nthawi imodzi. Pa mtengo, semani ngalande pansi pa mpope ndi router, musiye mtengo wokwanira pamene pamangidwa bipod.

Poyesa mpata musadalire kapepala kamodzi mfuti ili m'manja. Ikani mfuti pa bipod, itsamireni ngati mukuwombera, wina alowetse khadi lochindikala pansi pa mpope mpaka ku action. Mfuti yolemera imapinda stock yofewa chokweza, ndipo mpata umene unalipo m'manja umatsekeka.

Kubwezera ndi kuyesa

Mangani masikuluwu a action ndi torque wrench pa mlingo wa opanga stock. Ma chassis ambiri a aluminium amafuna pafupifupi mainchi-paundi 65, koma mtengo wopanda ma pillar, timachubu tachitsulo todutsamo masikuluwu, umafuna wochepera kwambiri, apo ayi umaphwanyika. Yendetsani bolt, yesani safety ndi trigger mfuti ili yopanda kanthu. Igwedezeni pafupi ndi khutu. Kakamveka kaphokoso, musapite nayo kumpikisano.

Zero, kugwirizana kwa mtanda wa mu scope ndi pogwera chipolopolo, idzasuntha, ndipo zimenezo si vuto. Ikonzeni pa mamita 100, kenako womberani magulu a zipolopolo zisanu kapena khumi pa kaimidwe kamene mumapikisanira. Mtanda ukamathera pamwamba pa chandamale molunjika, sunthirani cholemetsa kutsogolo, ndipo onaninso labala ya paphewa: ikakhala pansi kwambiri pa mzere wa mpope, mfuti imadumphabe ngakhale ilemere bwanji, choncho ikwezeni ngati imasunthika. Mtanda ukamathawira kumanzere kapena kumanja nthawi zonse, kawirikawiri si nkhani ya mtovu. Thupi silili kumbuyo kwa mfuti mowongoka, kapena dzanja likukankha cham'mbali. Gulu lotalika chokwera pogona limaloza ku thendere lonjanja pakathumba, kapena mpope wokhudza stock. Gulu limene linali labwino n'kuyamba kutaya chipolopolo chimodzichimodzi pakatha masabata, yang'anani timizere ta penti ndi chibuma cha mkati.

Pomaliza ikani mfuti yonse pa sikelo, ndi chilichonse chomangirira pa iyo. Mukapeza kuti mwapyola malire ndipo mtovu uli kale mu epoxy, chotsani labala n'kuboola pakati pa chibumacho ndi bit ya chitsulo pa liwiro lotsika, mutadontheza mafuta pang'ono chifukwa mtovu umakakamira bit. Bowo la mamilimita 10, lozama masentimita 5, limachotsa magalamu pafupifupi 28.